Nanzikambe Wanga ndi Diso la pa Nsalu

Sendezani mpandowo kuno, achimwene, inunso mukupukusa mutu uko, chifukwa izi ndinazichita ine ndi phazi ili, Walahi.

Nthawi ya chipani chimodzi ija ndinali telala pa Nsanama. Atcheyamani a dera lathu anandibweretsera nsalu za amayi ovina, zokhala ndi nkhope ya mwini dziko, nati zisokedwe msonkhano usanafike, koma singano ikangobaya nkhopeyo ndikatsanzikiretu ana anga.

Ndinabwereka makina osokera onse a m'Machinga ndi Balaka, n'kuwandandalika kuchokera pakhonde panga mpaka ku Nselema, n'kuwamanga lamba mmodzi, ine kupalasa kuno onse akusoka pamodzi, mphepo yake ikuthothola nkhuku nthenga. Mukumva? Vuto linali lakuti amodzi akalakwitsa, anzake amangopitiriza, ndipo pomwe ukafike kumeneko sudziwanso kuti chinayamba n'chiyani.

Ndiye ndinapinda nsungwi ngati msampha, ulusi wa makina aliwonse n'kuukoletsa pamenepo, pansonga n'kukhazika nanzikambe amene ndinamuphunzitsa utelala, uja maso ake amaona kuwiri. Ulusi ukangogwedezeka molakwika, lamba amaima, makina onse n'kuuma pomwe ali, nsungwi n'kumuponya yokha nanzikambeyo ku makina olakwawo, ine osaitana munthu.

Tsiku lomaliza, Atcheyamani ali chiimire pambali panga, ndinangomva thwaa! Zonse zii, ndi ntchentche yomwe inaima m'malere. Nanzikambe uyo, kudutsa pamwamba pa misika iwiri, kukatera pa makina olakwawo. Tinamulondola pa njinga, ine thukuta kamukamu, tikupeza wagona pansalu, mchira ukuloza ulusi umene unakodwa. Iyayi, singano sinaphonye, achimwene, inali italowa pakati penipeni pa diso la mwini dziko. Koma mnzangayo anali atadzipinda pabowopo n'kusanduka diso, lakuda pakati, loyera m'mbali.

Atcheyamani anawerama, nayang'anitsitsa, diso n'kuwaphethirira. Anavula chipewa.

"Che Telala, nsalu iyi ndi yamoyo. Ivalidwe ndi akazi anga."

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo unayendetsanso makina onse ine osapalasa. Mayiwo anavina tsiku lonse, diso likutembenuka kuyang'ana aliyense amene sanali kuwomba m'manja, ndipo ine ndinagona kwathu, ana anga ali pambali.

Mukawafotokozereko adzukulu anu, chonde, koma motsitsa mawu. Mayi aja akadali moyo, ndipo mpaka lero amadabwa kuti n'chifukwa chiyani ntchentche sizitera pa nsalu yawo.