Yassa ya Anyezi Awiri

Kunyumba kwathu ku Longbridge, kuno kunja kwa Malawi, kwakhazikitsidwa lamulo lakuti ine ndisayandikire chitofu kukamabwera alendo. Lamuloli sindinalivomereze, ndipo ndikufuna mumve mbali yanga.

Mwana wathu Tadala anapeza mnyamata wa ku Gambia, dzina lake Lamin, waulemu ndithu, wogwira ntchito ku Wolverhampton. Amayi ake anati abwera Loweruka kudzationa koyamba. Tadala anatichenjeza kuti mayiwo sankakondwa kuti mwana wawo akwatire mtundu wina, ndipo ulendowu unali wodzatiyeza. Tsoka ilo, tsiku limenelo mkazi wanga, yemwe ndi namwino, anali pa shifiti mpaka madzulo.

"Tingogula zophikaphika, bambo a Tadala," anatero.

Ndinakana. Munthu wodzakhala sewere wako sumudyetsa za m'katoni. Ndinati ndiphika ndekha, ndiponso ndiphika ndiwo ya kwawo yotchedwa yassa, aone kuti tikuwalemekeza. Tadala ananditumizira vidiyo pafoni. "Dad, just follow it, please," anatero. (Ana a kuno akamapempha amakhala ngati akulamula.)

Nyama ya mbuzi ndinakagula ku Aston, m'butchala ya Asilamu, poti alendowo ndi Asilamu. Pamenepo palibe angandinene.

Vuto linali vidiyo ija. Mayi wa m'vidiyomo anadula anyezi mulu wonse, wokwanira phwando la mudzi. Ndinaona kuti akungodzionetsera pa kamera. Chibadwire changa m'poto mumalowa anyezi mmodzi, kukabwera alendo timawonjezera wina. Ndinadula awiri.

Kenako mayiyo anathira mandimu ndi masitadi pa nyama yaiwisi n'kunena kuti igone m'furiji. Ndinamvera, ngakhale kwathu mandimu ndi a chimfine. M'mawa nditavundukula, fungo lowawasa linandiwomba kumaso. Nyama yotero sungapatse mlendo. Ndinaitsuka bwinobwino pampopi.

Ndinabwereza vidiyo kufunafuna pomwe amathira tomato. Panalibe. Ndinaganiza kuti mbali imeneyo anaidula (anthu ojambula mavidiyo ndi opupuluma), choncho ndinathira tomato wanga. Mayiyo nyama anayamba waiotcha. Ine ndinaiwiritsa kuti ifewe, monga amachitira munthu aliyense wolemekeza mano a alendo.

Mkazi wanga anafika alendo atakhala kale patebulo. Anavundukula poto, n'kundiyang'ana, n'kuvundikiranso.

Amayi a Lamin anadya mpunga ndi nyamayo nkhope ili gwa. Kenako anawonjezera. Atatha anandifunsa m'Chingerezi, "Ndiwo ya kwanu ku Malawi ndi yokoma. Mumaitcha chiyani?"

Tadala anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mkazi wanga anafulumira, "Ife timangoti nyama ya..."

"Ndi yassa," ndinatero.

Mayiwo anakoka mbale ya ndiwo n'kuyamba kutakasa pang'onopang'ono ngati agwetseramo ndolo.

"Anyezi ali kuti?"

"Alimo, amayi. Awiri."

Lamin anatsamwa ndi madzi. Amayi ake anayamba kuseka, mapewa kugwedezeka, mpaka duku linapendekeka, misozi ili chuchuchu. Pompo anaimbira mchemwali wawo n'kumuonetsa mbale ija pa kamera. Chilankhulo chawo sindichimva, koma zala ziwiri zimene ankaimika ndinaziona. Tadala anabisa nkhope m'manja. Ine ndinakhala mowongoka n'kuwonjezera mpunga m'mbale yanga.

Potsanzika, mayiwo anagwira Tadala dzanja. "Iwe uzibwera kwathu ndikuphunzitse kuphika, bambo akowa asakuwononge." Nyama yotsala anaipempha, tinawaikira m'kachidebe.

Mkazi wanga akuti ndinachititsa banja manyazi, ndipo nkhaniyi yafika kale kutchalitchi. Ine ndikuti mayi uja anachoka akuseka, kachidebe kali m'manja, ndipo ukwati ulipo chaka chino. Pogawana ntchito za paukwatipo, zophika zonse atenga akuchimuna, ine andipatsa yonyamula mipando. Mipandoyo ndinyamula. Koma poto wanga ndidzapita naye, ndipo tidzaona ndiwo imene idzayambe kutha.