Ndinakweza a Ntonyo m'ngalawa

Anzanga a ku Zobwe akamanditcha mmisiri wa ngalawa ndimaseka nawo, koma kuseka kwake n'kwa pamano pokha. Ngalawa ndinakonzapo imodzi m'moyo wanga wonse, ndipo ngalawayo sinalawe madzi mpaka lero. Chimene chinatsala pang'ono kumira ndi banja langa.

Ine ndine kalipentala. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo titabwerera ndinkakhoma zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Malasha atayamba kutchuka ku Moatize, aliyense wa miyendo iwiri anatsetserekera kumeneko, nanenso ndinanyamula sowo yanga n'kutsatira. Mkazi wanga Rozinya sanavute, chifukwa kumeneko n'kwawo. Makolo ake anali atangosamutsidwa kumene kupita ku Kateme kuti mgodi udutse pamene panali mudzi wawo.

Ndinapeza ntchito kwa mzungu wina wa ku Joni, woyang'anira makina a pamgodi, amene tonse tinkangomutcha patarau, ndiye kuti bwana. Kuseri kwa nyumba yake kunali ngalawa yakale ya thanga, itakhala pangolo ya matayala, m'fumbi la malasha. Anaikoka kuchokera kwawo kuti azikayenda nayo pa damu la ku Songo. Tsiku lina anandilowetsa m'kati mwake. Munali kachipinda kotentha ngati uvuni wa buledi, kokhala ndi kachitseko kokoka pamwamba. Anandionetsa mzati woima pakati, kuchokera pansi kukagwira denga. Anati mlongoti wa thanga umakhala pamwamba pa dengalo, mawaya amaukokera pansi mwamphamvu, ndipo kulemera konseko kumatsikira pamzatiwo. Atabaya kutsinde kwake ndi msomali, msomali unalowa ngati m'mbatata yophika. Anandifunsa ngati ndingathe kuikapo wina, wa mtengo wolimba ndi wouma bwino.

Ndinavomera msanga. (Munthu amene sanakwerepo ngakhale bwato, koma pakamwa pokha ndinali ngati ndinabadwira m'madzi.)

Vuto linali mtengo. Masiku amenewo ku Moatize matabwa onse ankathera kumisasa ya antchito, ndipo otsalawo anali aawisi, ongodontha utomoni. Ndinadandaulira mlamu wanga Zuze, mchimwene wake wa Rozinya, amene anali atangobwera kuchokera ku Beira kumene anakhala zaka zambiri. Iye anati ndisavutike, kumudzi wawo wakale kudakali mizati ya tsanya imene chiswe chinaikana kalekale, ndipo mwini wake palibe.

Tinapita masana, dzuwa lili paliwombo. Sindinaonepo malo otero. Mitengo ya mango inali chiimire, njira zopita kuchitsime zinkaonekabe, koma nyumba kunalibe ndi imodzi yomwe. Kunali zii. Tambala ayi, galu ayi, ngakhale njiwa. Makina a kumgodi sitinkawamva m'makutu koma kumapazi, nthaka ikunjenjemera pang'onopang'ono. Zuze anazungulirazungulira kufuna pamene panali pakhomo pawo, koma popeza zonse zinali zitasalazidwa, ankangoloza uku ndi uku ngati mlendo. Kenaka tinauona mzati umodzi utaima wokha pafupi ndi chulu, wakuda ndi utsi, wowongoka bwino. Zuze anati mosakayika pamenepo panali khitchini ya amayi ake.

Tikukumba, kamvuluvulu anadzuka patsogolo pathu, mphepo kulibe. Anazungulira mzatiwo, natithira fumbi lakuda m'maso, kenaka anazimirira pachulu. Patsinde tinapezapo kamphika kovundikira, kong'aluka, m'kati muli zoyerayera ngati ufa wakale. Ine ndinakakankhira pambali ndi phazi. (Inde, ndikudziwa. Inu mukuwerenganu mwaona kale pamene panalakwika. Ine ndinkaona mtengo wabwino basi.)

Tsanya ameneyo anandithera mano a sowo. Ndinamusema, ndinamupala, ndinamuyeza, n'kumukhazika m'ngalawa muja mothina bwino. Patarau anabweretsa anthu, anaimika mlongoti, namanga mawaya mpaka kulira ngati nsambo za bangwe. Anandimenya paphewa n'kunena kuti mwezi wamawa ndipita naye ku Songo. Ndinayenda tsiku limenelo ngati nduna.

Mawa lake ndili m'kati kupaka vanishi, ndinamva kugogoda. Go. Kenaka chete. Go, go. Ndinasuzumira panja, panalibe munthu. Nditabwerera, kugogodako kunamveka pambali panga penipeni, m'mtengo muja. Ndiponso m'kachipindamo munkanunkha fodya wa chingambwe, chikhalirecho ine sindisuta, patarau sasuta. Ndinamuuza patarau, iye anaseka nati mtengo ukungokhazikika pansi pa katundu. Ndinamuuzanso mlonda wa pakhomopo, bambo wachikulire wa ku Kambulatsitsi. Iye sanaseke. Anangonyamula kampando kake n'kukakhala kugeti, kutali ndi ngalawa.

Sabata isanathe, uthenga unafika woti Rozinya ndi ine tikufunika ku Kateme. Amayi ena anali atapita kumudzi wakale kukatola masawu, napeza dzenje pafupi ndi chulu, ndipo Zuze anali ataulula kale zonse pamowa.

Tinapeza apongozi anga, amayi ake a Rozinya, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba yawo yatsopano ija. Sanandiyang'ane, ankalankhula ndi nthaka. Anati mzatiwo sunali wa khitchini. Unali wa nyumba ya mchimwene wawo, a Ntonyo, malume ake a Rozinya. Mkuluyo anakana kusamuka, nalumbira kuti iye sakwera lole ya munthu, ndipo anamwalira malole asanabwere, Zuze ali ku Beira. Nyumba yake anaigwetsa monga mwa mwambo, ija nyumba ya malemu sagonamonso munthu ndipo mitengo yake samangira china. Mzati wapakati wokha anausiya, nathira nsembe patsinde pake, kuti mwini wake atsale pamalo pamene anakana kuchokapo. Ndinafunsa ndi mawu ang'ono ngati malemuwo ankasuta. Anati chingambwe sichinkachoka pakamwa pawo.

"Munthu anakana lole," anatero apongozi, "imwe mwam'kweza ngalawa. Rozinya atsala kuno. Mukabweza bzinthu bza eni ake, mudzam'tenga."

Rozinya anangovula nsapato zake za paulendo n'kulowa m'nyumba. Ndinabwerera ndekha ku Moatize, ndipo kunena zoona ndinalira m'minibasi, nkhope nditalozetsa pawindo. Mkazi ameneyo ndimamukonda, ndipo apongozi anga si munthu wobweza mawu.

Munthu wanzeru akanapita kwa patarau n'kumufotokozera. Koma ndikanayamba bwanji, m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka, kumuuza mzungu kuti m'ngalawa mwake muli malume? Ndinaganiza zochita mwakachetechete. Lamulungu patarau ankapita ku Tete kukadya nsomba, mlonda ankapita kukapemphera kutchalitchi cha malata cha kuseri kwa mpanda. Ndinabwera ndi jeke ya galimoto ndi mtengo wa bulugama. Nzeru yanga inali yoti ndikweze denga ndi jeke, ndisolole tsanya, ndilowetse bulugama, ndipake vanishi, nkhani ithe.

Ndinalowa, n'kukoka kachitseko kuti odutsa asandione. Ndinagwada patsogolo pa mzati, ndinaomba m'manja, n'kupepesa a Ntonyo kuti sindinadziwe. Go, unayankha mtengo. Ndinayambabe kupopa jeke. Denga linalira, mzati unamasuka, ndipo ndinaukumbatira n'kuusolola. Nthawi yomweyo jeke inaterereka, chifukwa pansi pa ngalawa si pafulati ngati pansi pa nyumba. (Izi ndinazidziwa tsiku lomwelo.) Denga linatsika ndi mkokomo, waya wina anaduka panja ngati mfuti, ndipo ndinamva mlongoti ukupendekeka mpaka kukatsamira pamtengo wa nimu. Ndinagwa chagada, a Ntonyo ali pachifuwa panga.

Nditadzikoka n'kukayesa kachitseko, kanali katapanikizika ndi denga lopindikalo. Ndinakankha ndi mutu, ndi phewa, osatheka. Dzuwa la ku Moatize mumalidziwa. Thukuta linkatsika ngati ndathiridwa madzi, fungo la chingambwe likukulirakulira. Ndinakhala pakona, mzati uli gone pakati, tikuyang'anana. Sunagogodenso. Kukhala chete kwakeko n'kumene kunandiopsa koposa, moti ndinayamba kuufotokozera za Rozinya ngati ndili pabwalo la milandu.

Patapita nthawi ndinamva geti likutseguka. Ndinatenga nyundo n'kuyamba kumenya khoma la ngalawa. Mapazi anayandikira, anaima, kenaka anathamanga kubwerera. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti ndine ndemwe ndinamuuza mlondayo kuti ngalawayi imagogoda.

Mlondayo anabwerera ndi mpingo wonse. Ndinawamva akuzungulira ngalawa, akuimba, akuwaza madzi amene ndinkawamva akugwa padenga, ine kukhosi kuli gwa. Ndinakuwa kuti ndine kalipentala wa ku Zobwe, anditsegulire. Mbusa wawo anauza anthu kuti asamvere, mizimu yoipa imadziwa kubwereka mawu a anthu odziwika. Anandifunsa kuti ndili ndi yani m'menemo. Ine, mutu utasokonezeka ndi kutentha, ndinayankha zoona zokhazokha.

"Ndili ndi malemu a Ntonyo."

Nyimbo inakwera kawiri kuposa poyamba.

Anandipulumutsa ndi patarau, dzuwa litapendeka. Anaswa kachitseko ndi chitsulo, ndipo ndinatuluka chokwawa, mzati uli m'manja, pamaso pa anthu onse aja. Anayang'ana mlongoti wake wopindika, nayang'ana ine, n'kundifunsa chifukwa chimene ndachotsera chinthu chimene ndinachiika bwinobwino. Ndinati mwini wake akuchifuna. Sanamvetse, koma analoza kugeti, ndipo chala chimenecho chinamveka m'zilankhulo zonse.

M'mawa mwake Zuze ndi ine tinamangirira mzati panjinga n'kuukankha kupita kumudzi wakale. Tinapeza waya watsopano atatchinga njira. Kuseri kwake makina anali atafika kale, chulu kulibe, mango kulibe, kuli phompho lakuda lokhalokha. Kobwezera kunalibe, ndipo ndinaona kuti ukwati wanga wathera pawaya pomwepo.

Popeza sitikanautaya m'tchire, tinautengera ku Kateme. Ndinauika pansi patsogolo pa apongozi n'kuwauza zimene taona, mutu uli pansi. Apongozi anasendera pafupi, nasisita mtengowo pamene ndinapala, pamene ndinapaka vanishi.

"Achimwene," anatero, "mukanakhala kuja bwenzi makina atakudyani. Khalani kuno ndi ife, ngakhale simukufuna."

Analamula Zuze kukumba dzenje kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinauimika, mowongoka bwino, pakuti ntchito imeneyo ndiye ndimaidziwa. Atathira ufa patsinde, anaitana Rozinya n'kumuuza kuti atenge katundu wake azipita ndi chitsiru chakechi, chisanakweze munthu wina ndege.

Tinabwerera ku Zobwe mwezi womwewo, kuntchito yanga ya zitseko. Masiku ano munthu akandibweretsera mtengo wakale, ndimayamba ndafunsa kuti unali wa yani, ndipo ndimaununkhiza. Koma ukakhala tsanya wouma bwino, wowongoka, ndimafunsa motsitsa mawu kwambiri, kuti mwina asandimve.