Mwini Wake wa Mbiri

Lolemba

Sabata ino ndiyambitsa gulu lowerenga mabuku. Ndatopa kucheza ndi zitenje. Chibwerere kuno ku Chitipa kuchokera kwathu ku Thyolo, nkhani zanga ndi anthu ndi ziwiri basi: mtengo wa chitenje ndi mphepo.

Zida zilipo:
— mabuku atatu a mayi wolemba nthano uja ndimamufera: lofiira, lobiriwira, ndi lija chiswe chinadya kumapeto
— buku la mbiri ya moyo wake, lonenepa ngati Baibulo
— benchi la kuseri kwa shopu
— tiyi, ngati abwere ochepa

Nzeru yanga nayi: nyambo ikhale mbiri. Akamudziwa mayiyu adzafuna okha mabuku ake, ndipo Loweruka tidzakhala pansi n'kusankha loyambira. Ine mumtima ndasankha kale lofiira.

Chikuto cha mbiriyo chinathothoka kalekale, ndiye ndalikutira ndi kalendala yakale n'kulemba pamwamba zilembo zikuluzikulu: MBIRI. MWINI WAKE: MAYI A ZITENJE. Buku lobwereketsa silidziwa njira ya kwawo, anthu ndimawadziwa.

Woyamba kutenga ndi Nalungwe, mnzanga wogulitsa nthochi za ku Misuku pakhomo pa shopu yanga. Akuti, "Yewo chomene amama, ndiwerenga pachoko pachoko." Bambo Simbeye, mphunzitsi wopuma uja, nawonso alonjeza kubwera Loweruka. M'tauni yonse ino ndi okhawo amene amandifunsa kuti ndikuwerenga chiyani. Ndagona mtima uli m'malo.

Lachiwiri

Nyambo yagwira! Nalungwe nthochi waziiwala, mutu uli m'buku. Akuwerenga m'Chichewa n'kumamasulira anzake m'Chilambya, manja ali m'mwamba. Ine Chilambya ndimangotolapo moni, koma phwete ndikumumva.

Zimene zawagwira mtima:
— mayiyu anathawa mwamuna wake m'mamawa, atanyamula sutikesi ndi simbi basi
— asanatuluke anathira phala m'nsapato za mwamunayo, za kutchalitchi
— n'kuti mwamunayo atamuwotchera makope ake onse olembamo nthano

Za makope owotchedwawo palibe akufunsa. Onse ali pa phala. Linali lotentha kapena lozizira? La mgaiwa?

Ndatulutsa lofiira, ndikuti tsopano taonani zimene analemba. Nalungwe akuti, "Dikirani amama, tithane naye kaye mwamunayu."

Lachitatu

Buku lapita ku Wenya. Ku Wenya! Mlamu wake wa Nalungwe wakwera nalo matola, ine osauzidwa.

Makasitomala achuluka modabwitsa, koma sakugula. Akulowa awiriawiri, dzanja pa chitenje, maso pa ine. Wina wandifunsa ngati ndimasita ndi simbi ya makala. Ndati eya, ndinabwera nayo kuchokera kumudzi. Atsinana, atuluka liwiro.

Mayi wina wachikulire wandigwira dzanja osalisiya. "Pepani chomene. Mwakumana nazo." Ndathokoza, poganiza kuti akunena za fumbi.

Mabuku atatu aja ali phee pa shelefu. Wowagwira ndine ndekha, powapukuta.

Lachinayi

Mayo ine!

NyaKaira, akazi a mkulu wa mpingo, afika ndisanamalize n'kusesa komwe. Moni wautali, ana, mvula, kenako: "Amama, mbiri yanu yafika." Ine kusangalala, ndikuti yabwerako kale ku Wenya? Iwo ayi. Yafika kwa akulu a mpingo.

Ndipamene zandilowa. Mawu anga a pachikuto awawerenga momwe ndinawalembera: mbiri, mwini wake mayi a zitenje. Osati mwini buku. Mwini mbiri! Wothira phala m'nsapato uja ndine.

Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma:
— dzina la m'bukumo si langa ("Wothawa amasintha dzina")
— mayiyo anamwalira kale ("Ndiye kuti asakulondoleni")
— amuna anga anamwalira bwinobwino ndi shuga, manda alipo ku Thyolo, a simenti ("Ku Thyolo n'kutali")
— simbi ali nayo aliyense!

NyaKaira angopukusa mutu mwachifundo. Akuti Lamulungu lino ndipumeko kaye kuwerenga mawu kutsogolo, mpaka nkhaniyi iunikidwe. Kuwerenga kwa m'tchalitchi kokhako ndi kumene anthu a kuno amandimvetsera. Achotsanso komweko.

Lachisanu

Mbiri yabwerako ku Wenya, koma ya pakamwa yokha. Bukulo akuti lapitirira cha ku Mafinga. Yanenepa m'njira: tsopano amuna ndi awiri, phala linali lobwata, ndipo simbi ija ndinathamangitsa nayo apongozi.

Mphepo yagwetsa zitenje zonse za pachingwe. Nayonso yamva, kaya.

Bambo Simbeye adutsa. Masiku onse amaima, kuvula chipewa, kufunsa tsamba limene ndafika. Lero moni aponya ali tsidya la msewu, maso ali pa nsapato zawo. Nsapato zawo! Ndisaname, zandiwawa kuposa za kumpingo. Ndalira kuseri kwa kauntala, ndadzipukuta ndi chitenje chogulitsa.

Nalungwe akuti ndisadandaule, azimayi onse a mumsika ali mbali yanga. Ndamulumbirira kuti si ine. Akuti, "Eya amama, ifenso tikuwauza choncho," n'kunditsinzinira diso.

Loweruka

Tsiku la gulu. Benchi ladzaza, ena akhalira zidebe, ena asuzumira pa zenera. Ndinkalota anthu ochepa odekha, koma kwabwera msika wonse. Tiyi wathera pa oyambirira.

Ndaimirira, mabuku atatu ali m'manja, ndikuti lero tisankhe poyambira. Mkangano wabuka pomwepo, wotentha, wolimbirana mabuku, womwe uja ndakhala ndikuulakalaka:
— ena akuti lofiira, muyenera kuti muli mwamuna woyamba
— ena lobiriwira, mwina wachiwiri ali m'menemo
— NyaKaira akufuna la chiswe, akuti masamba akumapetowo ndinang'amba dala

Ndakuwa kuti wolemba si ine, ndi mayi wina waluso amene ine sindingafike n'pachidendene pake pomwe. Andiwombera m'manja. Akuti kudzichepetsa kotere n'kosowa.

Mabuku onse atatu atuluka. Bambo Simbeye sanabwere, koma atumiza mawu kuti lofiira liyambire kwa iwo, ndipo Nalungwe wathamanga nalo. Shelefu ili mbee. Ndatsala ndi makapu akuda.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Mawu awerenga ena, molumpha mizere. Ulaliki ndi wa mkazi wa Loti. Mpingo wonse wacheuka kundiyang'ana. Palibe wasanduka mchere.

Potuluka Bambo Simbeye andiyandikira, lofiira lili m'khwapa. Alimaliza kale! Akuti chibadwire sanawerengepo buku lokoma chonchi, makamaka pamene mtsikana wa m'nkhanimo akudikira basi pamvula, akudziwa kuti sibwera. Pomwepo! Pamene ndimapakonda ine! Chibwerere ku Chitipa ndakhala ndikudikira munthu woti anene mawu amenewa, ndipo misozi yalengeza.

Kenako atsitsa mawu. "Munalemba bwino, amama. Koma phala lija, simunachite bwino."

Ndayang'ana pansi. Nsapato zawo zopolishidwa, zonyezimira. Ndatsegula pakamwa kuti ndikanenso, koma mphamvu zandithera.

Ndawauza kuti linali lozizira.