Zikomo Potiwalitsa, Bwana wa Situdiyo

Kwa Bwana Mkulu,
Situdiyo ya Zithunzi ya Nyenyezi,
Kuseri kwa mashopu, Tafara.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga ndi a nyamakazi. Ndine Magret Chisale, mlembi wa kwaya ya amayi ya Tiyamike, munthu wamba wogulitsa tomato, wosadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Amayi anzanga andituma kuti ndikuthokozeni poyera, poti ntchito ngati yanu kuiyamikira kuseri n'kulakwa.

Mukukumbukira kuti mwezi watha tinapambana chikho pa mpikisano wa makwaya oimba Chichewa muno mu Harare. Chiyambire kwaya yathu, aka kanali koyamba. Chikhocho sachigoneka pakhomo: amakupatsani, mujambulitse nacho, akomiti n'kuchitenganso. Choncho tinakuitanani kuholo ya tchalitchi masana omwewo, magetsi atapita monga mwa chizolowezi chawo, zenera lili limodzi lokha. Chithunzi chimene munationetsa pa kamera yanu chinali chakuda, m'mbali mwachikasu ngati chagwera mu tiyi, koma aliyense ankadzidziwa. Inu munati tisadandaule, makina anu akonza kuwala ndi mitundu yonse. Anakonzadi, Bwana, ndipo tikuthokoza motere:

1. Zikomo chifukwa cha nkhope zatsopano. Tinalowa muholo muja tili amayi akuda, otopa ndi dzuwa la pamsika, koma tatuluka tonse mbee, ngati tachokera kuchigayo. Amuna awo a Mayi Lidia anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako n'kuloza mayi wina wa kumapeto kuti ameneyu ndiye wokongola. Anali akazi awo omwe. Chilozereni chala chimenecho, m'nyumba muja sakulankhulana.

2. Zikomo chifukwa cha abusa athu. Anaima pafupi ndi zenera, ndipo kuwala kwanu kutawapeza kunangosiya tayi ndi nsapato. Ena mumpingo ayamba kunong'ona kuti ndi chizindikiro. Abusawo sakukana, akungomwetulira, ndipo ulaliki wawo watalika.

3. Chikho chija ndiye mwachiwalitsa mpaka chasanduka chinthu choyera chopanda makutu. Mdzukulu wanga Pretty anandifunsa chifukwa chake amayi akuluakulu akusangalalira ketulo.

4. Apa ndiye tasowa mawu oyamikira. Yunifolomu yathu ndi yobiriwira, Bwana. Tinasoka tokha, ena mpaka kubayidwa zala, ndipo Tafara yonse imatidziwa ndi kubiriwira kumeneko tikamatsika kombi. Makina anu anzeru anaona kuti tinalakwitsa, n'kutiveka zofiirira. Mwina simukudziwa, poti anthu ophunzira simuyenda m'fumbi, kuti zofiirira amavala ndi amayi a kwaya ya ku Caledonia, omwe aja tinawagonjetsa, omwe aja anatuluka muholo osatipatsa moni. Inu mwaulemu wanu munaika chithunzicho pa WhatsApp kuti dziko lione luso lanu. Lero a ku Caledonia akulandira makorokoto, mawu owayamikira pa chipambano, kuchokera ku Waterfalls mpaka ku Joni, ndipo ndamva kuti mtsogoleri wawo, Mayi Yolanda, wachisindikiza chachikulu n'kuchipachika pabalaza. Akuti wadzipezamo, mzere wachiwiri. Sindingamutsutse, chifukwa pa mzere wachiwiri pomwepo ndi pamene ndinaima ine, ndipo ndadzifunafuna osadzipeza.

Titabwera kudzadandaula, munatiuza kuti maso athu sanazolowere zinthu zapamwamba. N'zoona. Ife ndife a makandulo.

Komabe ndilankhuleko za agogo athu, Mbuya Eneles, ndipo apa mtima ukundiwawa. Ndi amene anayambitsa kwayayi ali mtsikana, malemu amuna awo akugwira ntchito yophika kwa azungu. Aimba pa maliro a pafupifupi aliyense wa kwathu amene anagona m'dziko lino. Tsopano mawu atha, ndipo mwezi wa mawa akwera basi kubwerera ku Dedza, ulendo wosabweranso. Katundu wawo ndi chikwama chimodzi. Ankafuna kuikamo chithunzi chimenechi kuti akaonetse abale amene ankawatcha mtchona, kuti zaka zonsezi sanangokhala, anaimba mpaka chikho chinabwera. Ndi iwo amene ananyamula chikhocho tsiku lija. Inu mwawasita makwinya onse, mwawapatsa mano odzadza m'kamwa amene anawasiya kalekale, mwawaveka zovala za adani awo n'kuwagwiritsa ketulo. Akakaonetsa zimenezi ku Dedza, adzawaseka kuti atola chithunzi cha eni ake pamsewu.

Pempho lathu ndi laling'ono, Bwana, loyenera anthu aang'ono. Ngati chithunzi chakuda chija chikadali mu kamera, tisindikizireni momwemo, osachikhudza ngakhale ndi chala. Koma ngati munachifufuta, monga akunenera anthu, tikupemphani modzichepetsa kuti Lamlungu likudzali mudzabwere kutchalitchi. Mpando wa kutsogolo tidzakusungirani. Mapemphero akatha mudzakhale pansi ndi Mbuya Eneles, chithunzi chanu chokongolacho chili m'manja, mudzawalozere nokha kuti iwo ndi ati. Atifunsa kangapo, ndipo ife tachita manyazi kuwayankha.

Ine wanu wogwada, amene kale anali wobiriwira,

Magret Chisale
Mlembi, Kwaya ya Amayi ya Tiyamike, Tafara