Mbuzi Inandichepetsera Balaza

Mukadzadutsa kwathu n'kuona nyumba yokhala ndi balaza lalifupi ngati khitchini, musanyoze mmisiri. Wolakwa ndi ine, ndipo lero ndaganiza zoulula.

Titatopa ndi fodya ku Chikomeni, ine ndi mkazi wanga, Nyazimba, tinapeza puloti ku boma. Mayiyu anapempha chinthu chimodzi chokha: balaza lalikulu loti amayi anzake a kutchalitchi azikwanamo onse akabwera kudzapemphera Lachinayi. Ndinalonjeza modzigunda pachifuwa.

Pulani inavomerezedwa. Oyeza malo a ku kanso, ofesi yoona za mapuloti, anakhoma zikhomo zinayi zachitsulo m'makona a puloti, n'kundiuza mawu awiri: zikhomozo ndisazikhudze, ndipo maziko akakumbidwa ndiwaitane adzaone tisanayale njerwa. Ndinagwedeza mutu ngati munthu womva.

Mvula itagwa, udzu unakula mpaka m'chiuno. Kulipira waganyu ndinakuona ngati kuwononga, choncho ndinabweretsa mbuzi kuchokera kumudzi kuti izidya udzuwo. Vuto linali pomangirira, poti mtengo panalibe. Maso anga anagwera pa chikhomo cha kumsewu. Chinali cholimba bwino, ngati anachipangira mbuzi.

Itamaliza udzu wa pamenepo, ndinazula chikhomocho n'kuchisunthira patsogolo. Mawa lake chimodzimodzi. Kwa milungu iwiri malire a puloti yanga ankayendera njala ya mbuzi. Pomaliza ndinachibwezera pamene ndinkaona kuti ndi pomwe chinali (ndine munthu woongola mizere ya fodya popanda chingwe, ndiye maso anga ndimawakhulupirira kwambiri).

Mmisiri wanga, a Mtonga, anayeza kuchokera pa chikhomocho n'kukumba maziko. Atamaliza anati, “Adada, kaitaneni a ku kanso abwele aone.”

“Azaona ikasila,” ndinayankha, kutanthauza nyumbayo ikatha. “Nyumba ni yanga.”

Khoma litafika pa mawindo, kunatulukira mayi wina wovala chisoti choyera, tepi yoyezera ili m'manja. Anali woyendera zomangamanga.

“Muli uli, adada?”

“Nili makola,” ndinatero, ndikumwetulira ngati mwini hotela.

Anayeza kuchokera pakati pa msewu. Anayang'ana pulani, n'kuyezanso. Kenako anandiuza mofatsa kuti khoma lakutsogolo laima pamene padzadutse ngalande ya msewu. Ine msangamsanga ndinatembenukira kwa a Mtonga, n'kuwakalipira pamaso pa anthu kuti ndi mmisiri wanji wosadziwa tepi.

“Ine napimila pa bikoni iyi,” anatero a Mtonga, akuloza chikhomo.

Apa n'kuti mayi wa puloti yoyandikana ndi yathu atatsamira pa mpanda wake, akumvetsera zonse. Anafunsa mokweza, mopanda n'choipa chomwe mumtima, “Iyo nsimbi yamene munali kumangilako mbuzi?”

Woyendera uja anagwada, n'kuchotsa kachingwe kotsalira pa chikhomocho, n'kundipatsa m'manja. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Nyazimba, amene anali pomwepo, anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa kukalipa.

Woyendera uja sanandizunze ayi. Anafotokoza kuti madzi a mvula safunsa mwini nyumba, ndipo ndikatseka njira yake adzalowa kwa anansi anga. Anawonjeza kuti ndikanawaitana pa maziko, kukonza kwake kukanakhala kwa khasu basi. Anajambula mtanda wofiira pakhomalo n'kupita.

Khomalo ndinagumula ndekha, njerwa imodziimodzi, ndikuzipala kuti zigwirenso ntchito. A Mtonga ndinawapepesa ndi nkhuku. Kusunthira nyumba yonse kumbuyo sikukanatheka, poti zipinda zogona zinali zitaima kale pamalo oyenera, ndiye oyeza atabwezera chikhomo pamalo pake, pulani inakonzedwa ndipo balaza ndi limene linadulidwa.

Nyumba tinamaliza, ndipo kunena zoona ndimaikonda. Sidontha, mphepo imalowa bwino, ndipo ngalande itakumbidwa madzi amangodutsa osatipatsa moni. Ndinaphunzira kuti chimene wakhoma woyeza malo, ngakhale chioneke chosungulumwa bwanji, uchisiye.

Koma Lachinayi likafika, amayi asanu ndi mmodzi amakhala m'balaza, ena onse panja. Nyazimba sanandikumbutsepo lonjezo langa. Amangondiitana mokoma pamaso pa anzakewo kuti, “Adada, mipando,” ndipo ine ndimanyamula.