Nthambo Yolendewera

Dzuwa linali litafika pamutu, kompyuta zonse khumi zikulembabe mawu omwewo oyera pagalasi lakuda. Ine ndinaima pakhomo, manja kumbuyo, ngati munthu wodziwa zinthu. Bola ndikanapita kudimba tsiku limenelo.

Ndimasamalira sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Nsaru. Ndinalekezera Sitandade 7, koma wailesi, sola, mjigo, zikafa amaitana ine. Kompyuta zakale zitabwera kuchokera kwa akufuna kwabwino, ahedi anandilonjeza kiyi wa chipinda cha kompyutazo. Wosunga kiyi anali woti apita ku maphunziro a sabata ziwiri mumzinda. (Chibadwire sindinaitanidwepo ku maphunziro, kupatula a feteleza, pansi pa mtengo.)

Kompyutazo zinabwera zopanda kanthu m'mimba, ndiye akufuna kwabwino aja anatumiza katswiri kuti adzaikemo pulogalamu yaikulu yoziyendetsa. Atatsika pa kabaza Lachitatu ndinamuzindikira. Esinati, mwana wa a Makwinja a ku Phalombe, amene anali tenanti ine ndili kapitao pa esiteti ya fodya ku Kasiya. Ndinkamuthamangitsa m'chigafa ali ndi mamina. Lero magalasi, laputopu.

"Muli bwanji akapitao?" anatero akupinda bondo pang'ono. Ndinayankha ndi mutu.

Anafotokoza kuti kompyutazo zinalibe polowetsa chimbale. Pulogalamu ichokera mu laputopu yake, idutsa pa kabokosi ka mabowo ambiri kamene amati swichi, n'kuyenda m'nthambo kufika ku kompyuta iliyonse. Akuti kompyuta ikamayaka imaitana, laputopu n'kuyankha. Tsiku lomwelo anayesa imodzi, inatheka. Zotsalazo anati mawa.

Lachinayi ndinalawirira kukasesa. Ndinapeza nthambo imodzi, mutu wina uli mu swichi, wina ukugona pansi. Ku fodya chingwe sichilendewera. Wosiya chingwe cholendewera pa mikangala yoyanikira fodya ndinkamubweza kuti akamangenso, ndipo a Makwinja ndinawabwezapo kangapo. Komanso pasukulupa makoswe amadya ngakhale choko. Ndinatola mutuwo, ndinaona bowo lopanda kanthu pa swichi pomwepo, n'kulowetsa. Unalira thi, bwinobwino. Ndinaiwalako.

Esinati atayatsa, palibe. Kompyuta iliyonse imaitana, imadikira, kenako n'kulemba kuti palibe wayankha. Ngakhale yadzulo ija, atayesa kuibwereza, inakana. Analowa m'kati mwa imodzi ndi imodzi kuona ngati inauzidwa kuyambira pa netiweki ya nthambo zija. Zonse zinali bwino. Anazimitsa laputopu, kuyatsanso. Chimodzimodzi.

Ine ndinati ndi magetsi. Ahedi anandituma kukayang'ana sola. Ndinakwera padenga, ndinapukuta, ndinatsika, ndinanena kuti tsopano zitheka. Sizinatheke.

Apa ndi pamene ndinayenera kutseka pakamwa. Koma panali a Gondwe, mphunzitsi wa masamu, amene anathandiza kumanga mitu ya nthambo dzulo lake, ndipo nawonso maso anali pa kiyi.

"Kodi mitu ya nthambozi anamanga ndani?" ndinafunsa, ndikudziwa.

Ahedi anawayang'ana a Gondwe. A Gondwe anakhala pansi n'kuyamba kudula mitu ndi kumanganso, timawaya tisanu ndi titatu pamutu uliwonse, kalikonse mtundu wake. Pa mutu wachisanu anadzicheka chala. Ndinawauza kuti mpeni sagwira choncho. (Ndinawaonetsanso kagwiridwe kake. Mulungu andikhululukire.)

Nthawi ya nkhomaliro inadutsa, palibe anadya. Ahedi anayamba kunena zoimbira foni amene anamutuma mtsikanayo. Ine ndinalankhula moyang'ana kuwindo, koma mokweza, kuti mapepala a sukulu sagwira ntchito, imagwira ntchito ndi manja. Esinati anamva. Sanatembenuke. Anali atagwada pa swichi, akuyang'ana timagetsi take tikuphethira tonse pamodzi ngati tapenga. Kenako anayamba kuwerenga ndi chala. Kompyuta khumi ndi laputopu yake, mabowo oyenera kudzaza khumi ndi limodzi. Linanso limodzi la nthambo imene anasiyira kompyuta ya mu ofesi ya ahedi, yosalumikiza. Koma odzaza anali khumi ndi atatu.

Ndinakumbukira nthambo ija ndinalowetsa m'mawa.

Esinati anakwawira pansi pa tebulo akutsata nthamboyo ndi dzanja. Inapita kukhoma, inazungulira mwendo wa tebulo, n'kubwereranso ku swichi. Anatuluka ndi kangaude m'tsitsi, n'kuzula mutu umodzi. Timagetsi tija tinakhazikika. Atayatsanso, kompyuta zinayamba kulandira, ina pambuyo pa inzake, ngati palibe chinachitika.

Esinati anawauza ahedi kuti mitu yonse iwiri ya nthambo imodzi ikalowa mu swichi imodzi, mawu amatuluka bowo ili n'kubwerera bowo ilo, kuzungulira osaleka, mpaka njira yonse kudzaza phokoso. Yankho la laputopu linkasowa podutsa.

Ahedi anafunsa kuti analowetsa ndani. A Gondwe anakweza chala chawo chomanga kansanza, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi amasesa muno ndani?" anafunsa a Gondwe mofatsa.

Akanandinyoza mtsikanayo bwenzi zili bwino. Ndikanayankha. Koma iye anati, "Zimachitika ngakhale m'maofesi akuluakulu. Mumaopa makoswe eti akapitao?"

Kunditchinjiriza ine. Mwana wa tenanti, pamaso pa aphunzitsi.

Mpaka lero ndimati chingwe sichiyenera kugona pansi, ndipo opanga kabokosi kaja akanayenera kulembapo kuti bowo lopanda kanthu lisiyidwe. Koma palibe anandifunsa maganizo. Ahedi anakhosomola, anati kiyi ayambe asunga a Gondwe, zina tidzaona kutsogolo, ndipo kusesa m'chipindamo ndizisesa mukakhala munthu. (Kutsogoloko sikunafike. Ku maphunziro anapita a Gondwe, anabwerako ndi kapu ya tiyi yolembedwa Chingelezi.)

Esinati anakoka mpando pafupi ndi kompyuta yomaliza, anaupukuta ndi dzanja.

"Bwerani mukhale apa bambo, iyi muyatse ndinu. Ndikuonetsani."

Onse anandiyang'ana. Ndinatenga chipewa changa pawindo, ndinatuluka, ndinadutsa pabwalo la mpira mpaka kumsewu.