Magitala Atasowa M'galimoto ya Abwana

Nkhani iyi kumudzi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Iye amadziwa zoti mwamuna wake ndi dalaivala wolemekezeka ku Dubai, wovala malaya oyera ositidwa bwino. Sadziwa kuti tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, mwamuna yemweyo anagwada pamsewu ku Downtown pamaso pa anthu a mitundu yonse, n'kuvomera mlandu woti sanapalamule n'komwe. (Wina woti ndinapalamuladi unalipo, koma tifikako.)

Ndimayendetsa abwana ena a ku Lebanon, bambo a ndevu za imvi, osalankhulalankhula. Mutawaona atavala suti mungati m'galimoto amamvera nkhani za pawailesi basi. Ayi ndithu. Abwana ndi a nyimbo za roko, zija zaphokoso zenizeni. Ali ndi bandi yawo imodzi ya azungu anayi a tsitsi lofika m'mapewa, amene anayamba kuimba ine ndisanabadwe. Tsiku loyamba kuimva ndinaponda buleki poganiza kuti injini yagwa. Gitala imalira ngati chigayo cholowa mwala, ng'oma ngati matalala pamalata, woimbayo n'kumakuwa ngati wina wamuponda chala ndi tayala. Abwana amangotsinzina, n'kumagwedeza mutu mwaulemu ngati akumva ulaliki.

Chifukwa cha bandi imeneyi anaikitsa masipika apadera m'zitseko zonse zinayi ndi kubuti komwe. Tsiku londilemba ntchito anandiuza mosapsatira: "Habibi, ukakanda bampala tidzakambirana. Koma zoimbirazi usakhudze. Ukakhudza, khalas." Habibi kuno ndi "mnzanga", koma khalas ndiye kuti zatha, ndipo kwa munthu woti visa yake ili m'manja mwa abwana, zikatha chotsatira ndi ndege ya ku Lilongwe.

Tsono m'mawa wa tsiku logwada pamsewu lija ndinkatsuka galimoto ndi paipi pabwalo. Nditamaliza ndinapeza kuti windo lakumbuyo silinatsekeke lonse, panatsala kampata kolowa chala. Madzi anali atatsetsereka mkati mwa chitseko mpaka pa kansefa ka sipika. Ndinapukuta ndi nsalu. Ndinapukutanso ndi mpango wanga. Ndinagwada n'kumauzira ndi pakamwa ngati ndikukoleza moto. Kenako ndinachita zimene munthu wamantha aliyense amachita, ndinatseka windo n'kutsekanso pakamwa.

Abwana anatuluka m'nyumba akumwetulira, zimene zimachitika mwina kawiri pachaka.

"Yalla, tiye, lero ndi tsiku lalikulu," anatero akukhala kumbuyo. "Anyamata anga atulutsa chimbale chatsopano. Ndadikira zaka ndi zaka!"

(Anyamata awo amenewo ndi agogo a zidzukulu.)

Analumikiza foni yawo, ine n'kuyamba ulendo, mapewa nditawakweza kale podikira phokoso. Phokosolo silinabwere. Munamveka kagitala kofatsa, kaja kosalowa magetsi, kenako piyano, kenako mawu a munthu woimba motsitsa ngati akugoneka khanda. Abwana anakweza voliyumu. Kagitala kaja kanangokula pang'ono, kufatsa kuli komweko. Anadumphira nyimbo yachiwiri, munali vayolini. Yachitatu, piyano yomweyo ndi amayi oyankhira chapansipansi.

"Magitala ali kuti?" anafunsa abwana.

Chiwongolero chinayamba kuterera m'manja ndi thukuta, chonsecho m'galimoto munali mozizira ngati m'firiji.

"Ng'oma zili kuti? Wachita zimenezi ndani?" Anamenya kumbuyo kwa mpando wanga ndi chikhatho. "Wapha zonse! Munthu ameneyu sindidzamukhululukira!"

Ndinaba kuyang'ana pagalasi. Maso awo anali psuu, ndipo kwa ine ankaoneka kuti alunjika pankhongo yanga.

Mumvetse mmene mutu wanga unayendera. Ndinali nditazindikira kale kuti ng'oma zimagunda kuchokera kubuti, mawu a woimba n'kumachokera kutsogolo. Choncho ndinkakhulupirira kuti sipika iliyonse ili ndi chida chakechake. Ngati magitala aphokoso asowa, ndiye kuti ankakhala m'chitseko chija ndanyowetsa, ndipo madziwo ayenda m'mawaya mpaka kukamiza ng'oma kubuti. (Fomu folo ndinalemba, sayansi ndinakhoza. Aphunzitsi anga asamve.)

Titafika ku ofesi yawo ku Downtown anatsika osandiyang'ana, n'kungoti, "Folo koloko."

Ndinaimika galimoto pamthunzi n'kuimbira Che Yusufu. Awa ndi akulu a ku Mangochi amene timagona chipinda chimodzi ku Karama, iwo bedi lapansi ine lapamwamba. Akhala akuyendetsa galimoto kuno zaka zambiri, moti tonse zikativuta timathamangira kwa iwo.

"Mwati madzi alowa mu sipika?" anatero, n'kupumira m'mwamba. "Aphwanga, mwaiputa. Kunali mnzathu wa ku Chipata, anangotayira tiyi pampando. Anataya Lachitatu, Lachisanu tinali tikumuperekeza ku eyapoti."

"Ndiye nditani, akulu?"

"Thamangirani ku Al Quoz. Kuseri kwa magalaja a matayala kuli Mpakisitani wina wa zamagetsi, wa ndevu zofiira. Inshallah, Mulungu akalola, folo isanakwane zikhala zatheka. Koma paja ine simunandiimbire, eti?"

Ndinamupeza wa ndevu zofiirayo akumwa tiyi pakhomo pa galaja yake, kunja kukutentha ngati m'uvuni wa njerwa.

"Vuto n'chiyani, bhai?" (Bhai kwawoko ndi m'bale.)

"Magitala sakutuluka."

Analowa m'galimoto, n'kuika nyimbo ya kwawo. Inamveka bwinobwino, ng'oma zake zonse zilimo.

"Palibe vuto, bhai. Pita."

Apa mpamene munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kumapita. Ine ndinakana. Ndinamuuza kuti ng'oma za kwawo ndi zazing'ono, ndiponso nyimbo yakeyo ilibe magitala a magetsi. Ndinasaka chimbale chija pafoni yanga, poti chithunzi chake ndinali nditachiona m'mawa, agogo anayi atakhala pamipando m'munda wa maluwa. Tinachiika. Anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Imeneyi ndi roko?"

"Roko yeniyeni. Imayenera kugwedeza magalasi."

"Ndiye vuto lilipodi," anavomera, n'kutola sikuludiraiva.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangoika nyimbo yakale ya bandi yomweyo kuti ndiyese. Inenso ndimadzifunsa, makamaka ndikamasamba. Yankho ndilibe. Mantha akakhala pampando, nzeru zimadikira panja.

Anasula chikuto cha chitseko chija ndinanyowetsa. Mkati munali mouma gwaa. Ndinati mwina magitala amakhala m'chitseko chinacho. Anasula chachiwiri. Anasula chachitatu, chachinayi, n'kulowa kubuti. Sipika iliyonse ankaiyeza ndi kamakina kake, n'kumati ili bwino, ine n'kumati yesani inayo. Pofika wani koloko galimoto ya abwana inali ngati nkhuku yososola, mawaya ali lendelende, masikuluwu atadzaza kachitini ka mkaka.

Foni inalira. Abwana.

"Uli kuti?"

"Ndili pafupi, bwana."

"Bwera pompano. Mutu wanga sukugwira lero, ndikupita kunyumba. Yalla!"

Wa ndevu zofiira anati kubwezeretsa zonse pafunika maola atatu. Ndinamupempha m'Chingerezi, m'Chiarabu changa chothyoka, mpaka m'Chichewa. Anati mwachangu angathe zitseko ziwiri zokha, ndisankhe. Ndinasankha zakutsogolo. (Inde. Abwana amakhala kumbuyo. Zimenezi ndinazikumbukira ndili kale pamsewu waukulu.)

Ulendo wochoka ku Al Quoz kupita ku Downtown si wautali, koma tsiku limenelo ndinaona moyo wanga wonse. Ndinaona nyumba yanga kumudzi ili chiimire yosafolera. Ndinadziona ndikutsika basi ndi kachikwama kamodzi, anthu akufunsana kuti wabweranji msanga. Ndikawauza chiyani? Kuti ndinamiza magitala? Ndinaganizako zothawa, koma ku Dubai ungathawire kuti ndi galimoto ya eni, kamera ili pamzati uliwonse? Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ngakhale lija lodalitsa chakudya.

Ndinawapeza ataima pakhomo pa ofesi, chikwama chili m'manja. Ndinatsika n'kuwatsegulira chitseko monga mwa masiku onse. Anayang'ana chitsulo chosavala, mawaya, ndi sipika ili lende ngati papaya. Anasuzumira chitseko cha mbali inayo. Kenako anayang'ana ine.

Mawondo sanandifunse. Ndinangopezeka ndili pansi, simenti ikuwotcha kudzera m'buluku.

"Bwana, pepani. Magitala aja ndapha ndine. Ndinasiya windo potsuka, madzi analowa, ndinaopa kunena. Ndimafuna ndiwabwezeretse musanaweruke. Ndili ndi ana atatu, bwana."

Anthu anayamba kuima. Mlonda wa pakhomo anasendera pafupi. Mayi wina wachizungu anagwira pakamwa.

"Dzuka," anatero abwana motsitsa. "Wati wapha chiyani? Bwereza pang'onopang'ono."

Ndinabwereza, mpaka ndinafotokoza za chitseko chimene magitala amakhalamo. Nkhope yawo inafiira. Anagwira denga la galimoto, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, mpweya ukutuluka movutikira. Ndinati basi, mtima wawagwira, tsopano ndapha ndi abwana omwe. Ndinali pafupi kukuwa kuti anthu athandize pamene ndinazindikira kuti akuseka. Anaseka mpaka misozi inatsikira m'ndevu.

"Habibi, magitalawo mulibemo! Sanawaimbe n'komwe! Anthu aja akalamba. Woimba uja adokotala anamuletsa kukuwa, wang'oma mapewa anatha. Ndiye apeza katswiri wina wowajambulira amene wawanyengerera kuti aziimba zogonetsa ana. Ameneyo ndi amene ndimati sindidzamukhululukira!"

Analowa, n'kuika nyimbo ya chimbale chakale. Inaphulika mpaka mlonda uja anabwerera m'mbuyo. Sipika yolendewera inayamba kuvina, kachitini ka masikuluwu kubuti kakuyankhira ngati chisekese. Magitala onse analipo, amoyo, athanzi. Sindinakondwerepo ndi phokoso chotero chibadwire.

Kenako anazimitsa, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

"Tsopano tikambe za amene wakutuma kuti uvule galimoto yanga."

Zimene ndinamva kuchokera ku Downtown mpaka kunyumba sindingazilembe pano. Zinali m'zinenero zitatu, ndipo zina ndinakafunsa matanthauzo ake kwa Che Yusufu, iwo n'kukana kumasulira. Koma ntchito sanandichotse. Galimoto inakakhala kwa eni ake oigulitsa sabata yathunthu, ife n'kumayendera kagalimoto kofiira ka madamu awo, abwana mawondo ali kuchibwano. Madamu anatha mwezi osandiyankha moni.

Chodabwitsa n'chakuti chimbale chatsopanocho abwana sanachitaye. Amachiika m'mawa uliwonse n'cholinga choti achitukwane. "Tamva izi! Manyazi alibe anthu amenewa?" Ine udindo wanga ndi kuvomereza kuti, "Zoipa kwambiri, bwana." Koma ndikuululireni inu nokha, nyimbo yachitatu ija ya piyano inandilowa. Agogo aja akaimba mofatsa amaimba zogwira mtima, za anzawo amene anamwalira ndi za mawondo osafunanso kukwera masitepe.

Sabata yatha titaima pamaloboti ndinaiwala, n'kuyamba kuing'ung'udza. Nditakweza maso, pagalasi panali maso a abwana.

"Ukuikonda?"

Che Yusufu anandilangiza kuti phunziro la nkhani yonseyi ndi kunena zoona msanga, zinthu zisanakule. Ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse.

"Ayi bwana," ndinayankha. "N'chifuwa chabe, ndimatsokomola."